Phunzitsani kamera musanaphunzitse kukoka makoma

Akonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti tilankhulepo pa nkhani imene ambiri ophunzitsa zojambula za 3D pakompyuta amangoilumpha, pomwe ndi imene imabwezera ophunzira m'mbuyo kwambiri. Nkhaniyi ndi kayendetsedwe ka kamera. Masiku ano munthu wofuna kumanga nyumba sakhutiranso ndi pulani ya papepala yokha. Amafuna aione nyumbayo isanamangidwe, denga lake, khonde lake, ngakhale mtundu wa penti. Achinyamata ambiri akuphunzira mapulogalamu a pakompyuta a Blender ndi SketchUp kuti azigwira ntchito imeneyi, ndipo n'zosangalatsa. Koma m'maphunziro ambiri, tsiku loyamba lomwelo wophunzira amauzidwa kukoka makoma ndi kuboola mazenera, asanadziwe n'komwe kuti waima pati m'dziko la pasikiriniyo ndiponso kuti akuyang'ana kuti. Zotsatira zake ndi zithunzi za nyumba zokhala ngati zikugwa chagada, zipinda zooneka zazikulu kuposa mmene zidzakhalire, ndi ophunzira odandaula kuti laputopu yawo yafooka pomwe vuto ndi manambala awiri okha. Tifotokoza potengera Blender, chifukwa ndi yaulere ndipo aliyense angathe kuyesa yekha zimene tikunenazi.

Choyamba kudziwa n'chakuti makamera ndi awiri. Pali diso limene mumagwirira ntchito, loyendayenda mukamasuntha mausi, ndiye pali kamera imene ili ngati chinthu choimikidwa m'chojambulacho, imene imatulutsa chithunzi chomaliza mukadina F12. Wophunzira amazungulira nyumba yake mpaka ataipeza mbali yokongola, n'kudina F12, kenako n'kudabwa kuti kwatuluka ngodya ya denga ndi thambo. Kamera yeniyeniyo inali isanasunthe. Batani la 0 la pa Numpad, kagawo ka manambala ka kumanja kwa kiyibodi, limakulowetsani m'diso la kamerayo, ndipo Ctrl, Alt ndi 0 wa pa Numpad mukazidinira pamodzi zimabweretsa kamera pamene diso lanu lili. Mudzaona kuti chithunzi cha kamera chikudula m'mbali zimene mumaziona pogwira ntchito, choncho bwererani m'mbuyo pang'ono musanadine. Palinso kabokosi ka Camera to View, m'kagawo kamene kamatseguka ndi batani la N. Mukakachonga, kamera imatsatira mausi. N'kothandiza poimika kamera, koma mukamaliza kachotseni nthawi yomweyo. Mukaiwala, mudzangozungulira pang'ono kuti mukonze chitseko ndipo kamera imene munaiimika bwinobwino yapita.

Dandaulo limene timalimva kawirikawiri ndi lakuti kagudumu ka mausi kasiya kugwira ntchito. Munthu akukapukusa kuti ayandikire zenera, poyamba zikuyenda msanga, kenako pang'onopang'ono, mapeto ake osasuntha n'komwe. Mausiyo ilibe vuto. Diso logwirira ntchito limazungulira kadontho kosaoneka kamene kali patsogolo panu, ndipo kagudumu sikakuyendetsani m'chojambulacho ayi, kamangochepetsa mtunda wa pakati pa inu ndi kadonthoko. Kupukusa kulikonse kumadulako gawo la mtunda wotsala, ndiye mtundawo ukachepa, chimene chikudulidwacho chimachepanso. Ngati kadontho kali pakhonde ndipo zenera lili mamita 8 kuseri kwake, mungapukuse mpaka chala kupweteka koma simudzalifika. Kusuntha cham'mbali ndi Shift nakonso kumakhala kwaulesi pa chifukwa chomwechi. Mankhwala ake ndi kusamutsa kadonthoko. Sankhani zeneralo n'kudina batani la kadontho (.) la pa Numpad, diso lidumphira pomwepo ndipo liyamba kuzungulira zeneralo. Batani la Home limakubwezerani poti muone zonse. Amene safuna kumangochita zimenezi alowe mu Preferences, pagawo la Navigation, achonge Orbit Around Selection ndi Depth. Chachiwirichi chimapangitsa kuti kadontho kazikhala pa chinthu chimene chili pansi pa kamuvi ka mausi, ndipo ife timaona kuti chimathetsa madandaulo ambiri a oyamba kumene. Pagawo lomweli pali Turntable ndi Trackball. Wojambula nyumba asiye pa Turntable, chifukwa imasunga pansi kukhala pansi. Trackball imalola chojambula kupendekera mbali iliyonse, zimene zimathandiza wosema mutu wa munthu koma zimachititsa chizungulire wojambula chipinda.

Tinenepo za laputopu, popeza ophunzira ambiri ndi zimene ali nazo, ndipo zambiri zilibe Numpad. Blender ili ndi Emulate Numpad ndi Emulate 3 Button Mouse pagawo la Input, koma zonse ziwiri zili ndi msonkho wake. Yoyamba imalanda mabatani a 1, 2 ndi 3 a pamwamba pa kiyibodi, amene posema amasankhira pakati pa madontho, mizere ndi nkhope, zimene ndi mbali zafulati za chinthu. Yachiwiri imalanda Alt ndi batani lakumanzere, zimene zimasankha mzere wozungulira chinthu chonse. Malangizo athu ndi akuti gulani mausi ya waya yokhala ndi kagudumu kodinika, ngakhale yotchipa, ndipo m'malo mwa Numpad gwiritsani ntchito batani limene lili pansi pa Esc pa makiyibodi ambiri. Limatsegula kabwalo kosankhira kutsogolo, kumbali, pamwamba ndi kamera.

Diso lili ndi maonedwe awiri, ndipo batani la 5 la pa Numpad limasinthira pakati pawo. M'maonedwe a Perspective, chakutali chimachepa monga mmene timaonera njanji ikupita ichepera. M'maonedwe a Orthographic, mzati wa mamita 3 umaoneka wofanana kaya uli pafupi kaya uli kutali. Poyeza ndi polumikiza zinthu gwiritsani ntchito achiwiriwa. Mu Perspective munthu amakoka phaso mpaka litaoneka kuti lakhudza khoma, koma akazungulira amalipeza likulendewera m'malere mamita awiri kuseri kwa khomalo. Sikirini ndi yafulati, mausi siidziwa kuya. Onani chinthu kuchokera mbali ziwiri, kutsogolo ndi 1 ndiponso pamwamba ndi 7, musanakhulupirire kuti chili pamalo pake.

Tsopano tifike pa lenzi, pamene pagona nkhani imene yatichititsa kulemba kalatayi. Kamera ya Blender imayamba ndi lenzi ya mamilimita 50 ndi sensa, pamene pamagwera chithunzi, ya mamilimita 36 mulifupi, kutengera makamera a filimu akale. Manambala awiriwa amakuuzani zonse. Kukula kwa malo amene kamera iona ndi mtunda kuchulukitsa ndi 36, kugawa ndi nambala ya lenzi. Pa mamita 10, lenzi ya 50 imaona malo otambalala mamita 7.2. Nyumba yotalika mamita 14 kutsogolo kwake, kuti ilowe yonse ndi kampata m'mbali, kamera iime pafupifupi mamita 25 kuchokera pakhoma. M'madigiri, lenzi ya 50 imaona pafupifupi 40, ya 35 imaona 54, ya 24 imaona 74, ndipo ya 18 imaona 90 ndendende.

Tengani chipinda chogona cha mamita 3.5 mbali zonse. Mukaimika kamera pakhoma lina kuyang'ana khoma linzake, lenzi ya 50 iona mamita 2.5 okha a khomalo, ndiye bedi ndi zenera sizilowa pamodzi. Wojambula amatsitsa nambala. Pa 24 zinthu zilowa bwino. Koma ena amapitirira mpaka 14 kapena 12, ndipo apo kachipinda kaja kamasanduka holo. Bedi la patsogolo limatalika ngati bwato, khoma lakutsogolo limathawira kutali, matailosi a m'mphepete mwa chithunzi amatambasuka. Mwini nyumba, amene mwina ali ku Johannesburg ndipo akungoona zithunzi pa WhatsApp n'kumatumiza ndalama, amasangalala. Nyumba ikafika pa lintala, iye n'kubwera kudzalowamo, amayamba kukangana ndi amisiri kuti amubera malo, pomwe amisiriwo atsatira pulani mpaka sentimita. Anamumata phula m'maso ndi lenzi. Nthawi zambiri wojambulayo sanachite dala, anangoona kuti pa 12 chithunzi chikukongola. Ife tikuti pa zipinda musatsike kupitirira 24 popanda kumuuza mwini nyumba, ndipo panja gwiritsani ntchito pakati pa 28 ndi 50. Ojambula nkhope za anthu a m'makatuni akwere mpaka 85, chifukwa lenzi yaing'ono imakakamiza kamera kuyandikira, ndipo kuyandikirako ndi kumene kumakulitsa mphuno n'kubisa makutu. Mu SketchUp nambala imeneyi imalembedwa m'madigiri ndipo imayambira pa 35. Mukasankha chida cha Zoom n'kulemba nambala ina, imasintha.

Nanga chipinda chikakhala chaching'ono zedi moti pa 24 sichikulowabe? Pali njira yabwino kuposa kutsitsa lenzi. Tulutsani kamera kunja kwa chipindacho, mita imodzi ndi theka kuseri kwa khoma, kenako kwezani nambala ya Clip Start mpaka itapitirira khomalo, mwachitsanzo mamita 1.8. Kamera siona chilichonse chimene chili pafupi kuposa nambala imeneyi, choncho imayang'ana ngati khomalo palibe, koma khomalo likadalipo ndipo likutchingabe kuwala monga mwa nthawi zonse.

Msinkhu wa kamera nawo umanama. Maso a munthu wamkulu ataimirira amakhala pafupifupi mamita 1.6 kuchokera pansi. Lembani nambala imeneyi pa Z, amene ndi msinkhu wa kamera, kuwerengera kuchokera pa simenti ya m'nyumba ngati muli m'kati, osati kuchokera pa dothi la panja. Kamera ikakhala pa theka la mita, nyumba wamba imaoneka ngati tchalitchi. Ikakhala pa mamita 4, zonse zimaoneka ngati zidole. Kenako yang'anani kapendekedwe. Mu Blender kamera imayang'ana molunjika kutsogolo pamene Rotation X ili pa madigiri 90 ndipo Rotation Y ili pa 0. Mukaikweza mutu kuti denga lilowe, mwachitsanzo pa 100, makoma onse amayamba kuyandikirana kumwamba ndipo nyumba imaoneka ngati ikugwa chagada. Bwezerani pa 90, ndipo m'malo mokweza mutu pitani pa Shift Y m'zosintha za lenzi n'kuwonjezera pang'onopang'ono, 0.1 kenako 0.2, mpaka denga lilowe. Chithunzi chimakwera koma makoma amakhalabe chilili. Ojambula nyumba ndi makamera enieni amagula malenzi okwera mtengo kuti achite zomwezi, pomwe pakompyuta ndi kabokosi kamodzi kamene ambiri sanakakhudzepo. Mu SketchUp chofanana nacho ndi Two-Point Perspective, pansi pa Camera.

Manambala awiri a Clip, woyambira uja ndi wothera, amabweretsanso mavuto ena. Kamera imene Blender imayamba nayo imaona kuyambira mamita 0.1 mpaka 100. Wojambula sukulu yonse ndi bwalo lake la mpira amapeza kuti midadada yakutali yadulidwa ngati ndi mpeni, kapena yasowa pachithunzi chomaliza pomwe pogwira ntchito imaoneka. Diso logwirira ntchito lili ndi manambala akeake, 0.01 mpaka 1000, ndiye kusintha kwina sikusintha kwinako. Akazindikira zimenezi ambiri amalemba 0.001 poyambira ndi mazilo ambirimbiri pothera kuti asadzavutikenso, ndipo amadziputira vuto lina. Makoma amayamba kuthwanima ndi timizere takuda akamazungulira, penti ndi pulasitala zikulimbirana malo. Chifukwa chake n'chakuti kompyuta imasunga kuya kwa kadontho kalikonse ka pasikirini ndi manambala owerengeka, ndipo ambiri mwa manambalawo amathera pafupi ndi kamera. Pa kasungidwe kofala ka mabiti 24, Clip Start ikakhala 0.01, zinthu ziwiri zimene zili pa mtunda wa mamita 100 ziyenera kutalikirana masentimita pafupifupi 6 kuti kompyuta idziwe chimene chili patsogolo. Mukaikweza kufika pa 0.1, mamilimita 6 akukwana. Choncho nambala yofunika kuisamala ndi yoyambirayo, ndipo ikhale yaikulu mmene ntchito ingalolere. Kuthwanima kukapitirira ngakhale pafupi, ndiye kuti pali nkhope ziwiri zosanjikizana pamalo amodzi enieni, ndipo apo kamera ilibe mlandu, chotsani imodzi.

Pali vuto lina limene limagwera makamaka amene amalandira mafayilo kuchokera kwa masaveya. Mapu a malo kuno ku Malawi kawirikawiri amabwera ndi manambala a UTM, osonyeza m'mamita pamene malo ali pa dziko lapansi, ndipo nambala yoloza kumpoto imapitirira mamita 8 miliyoni paliponse m'dziko muno. Mukalowetsa fayilo yotere mu Blender osaisuntha, puloti yanu imakagwera makilomita oposa 8,000 kuchokera pakati pa chojambula. Poyamba simuiona n'komwe. Mukaipeza, kamera imanjenjemera, mizere yowongoka imakhala ngati mano a sowo, ndipo chitseko chimakana kusuntha masentimita ochepa. Blender imasunga malo a zinthu ndi manambala okhala ndi madijiti odalirika pafupifupi 7, ndiye pa 8 miliyoni madijiti onsewo atha kale ndipo sitepe yaing'ono kwambiri imene ingathe kusiyanitsa ndi theka la mita kapena mita yathunthu. Kusunthira pakati mutalowetsa kale sikubweza zimene zatayika. Sankhani bikoni imodzi ya pulotiyo, lembani manambala ake papepala, ndipo mu pulogalamu imene fayiloyo yachokera sunthani zonse kuti bikoniyo ikhale pa 0, 0, kenako ndiye mulowetse. SketchUp nayo imadula zinthu modabwitsa chojambula chikakhala kutali ndi pakati, kapena kamzere kamodzi koiwalika kakatsalira kutaliko.

Za kamera yoyenda tinena zochepa, koma zofunika. Njira imene imabwera msanga m'mutu ndi kuika keyframe, chizindikiro chosunga mmene chinthu chilili pa nthawiyo, pa malo ndi pa kapendekedwe ka kamera pa furemu yoyamba, ndiye kuti chithunzi choyamba cha kanema, kuisuntha, n'kuikanso ina. Pa ulendo wowongoka zimatheka. Pozungulira nyumba sizitheka, chifukwa kompyuta imadutsa njira yachidule pakati pa malo awiriwo ndipo kamera imalowa m'khoma. Ikani Empty, kachinthu kosaoneka pachithunzi chomaliza, pakati pa nyumba, sankhani kamera kenako Empty, dinani Ctrl ndi P kuti kamera ikhale mwana wake n'kumaitsatira, ndipo muzizunguza Empty yo pa Z yokha. Pa mafuremu 24 pa sekondi, kuzungulira kamodzi m'masekondi 10 ndi mafuremu 240. Ikani madigiri 0 pa furemu 1 ndi madigiri 360 pa furemu 241, koma kanema athere pa 240. Mukapanda kutero furemu yoyamba ndi yomaliza zimafanana ndipo kanema akamabwereza amaoneka ngati wapunthwa. Sinthaninso kayendedwe kuchoka pa Bezier kupita pa Linear, apo ayi kamera iziyamba mwaulesi, kuthamanga pakati, n'kufookanso kumapeto pa kuzungulira kulikonse.

Ngati mukufuna kamera iziyang'anabe chinthu chimodzi ikuyenda, ipatseni lamulo lotchedwa Track To loloza Empty, ndipo muonetsetse kuti lalembedwa -Z poloza ndi Y kumwamba, chifukwa kamera ya Blender imayang'ana kutsata -Z yake. Chenjezo ndi limodzi: musaidutsitse pamwamba penipeni pa Empty yo. Pamenepo mbali imene ikuyang'ana ndi mbali imene imaitcha kumwamba zimagwera pamzere umodzi, ndipo chithunzi chimatembenuka mwadzidzidzi. Ndi m'bale wake wa vuto lotchedwa gimbal lock, limene limachitika mukazunguza chinthu ndi manambala atatu a X, Y ndi Z, wapakatiyo n'kufika madigiri 90, mizere iwiri yotsalayo n'kuyamba kuchita ntchito imodzi. Njira yozembera gimbal lock ndi masamu a quaternion amene William Rowan Hamilton anawatulukira ku Dublin mu 1843, ndipo Blender imalola kusankha njira imeneyi pa Rotation Mode. Koma kwa wojambula nyumba n'kwapafupi kungopatutsa njira ya kamera mita imodzi pambali.

Liwiro nalo liwerengedwe. Munthu amayenda pafupifupi mamita 1.4 pa sekondi. Kakhonde ka mamita 7 n'kofunika masekondi 5, kutanthauza mafuremu 120, ndipo m'kati mwa nyumba ndi bwino kuchedwerapo kuposa apo. Makanema ambiri amene tikuwaona pa Facebook amadutsa pabalaza ndi kukhitchini m'masekondi awiri, kamera ikukhota ngati njinga yamoto, moti woonera satha kudziwa kuti chitseko cha kubafa chili mbali iti. Kuti mumve kukula kwa chipinda musanaike keyframe iliyonse, dinani Shift pamodzi ndi batani la pansi pa Esc lija. Mabatani a W, A, S ndi D akuyendetsani ngati m'masewera a pakompyuta, Q ndi E kutsika ndi kukwera, ndipo Tab imakutsitsirani pansi kuti muziyenda ngati munthu.

Pempho lathu likupita mbali ziwiri. Kwa oyendetsa maphunziro, kaya m'makoleji kaya m'timasukulu ta makompyuta ta m'matauni: masiku awiri oyamba wophunzira asakoke khoma lililonse. Apatsidwe nyumba yomangidwa kale, auzidwe kupeza zenera la kukhitchini, kuliyandikira mpaka kuona loko, kubwerera, kuimika kamera pa mamita 1.6 ndi lenzi ya 35, n'kutulutsa chithunzi chimene makoma ake ali chilili. Kwa omangitsa nyumba: mukalandira chithunzi cha 3D, funsani wojambulayo kuti lenzi inali ya mamilimita angati ndipo kamera inali pa msinkhu wanji, ndipo mumupemphe aikemo munthu woimirira wa mamita 1.7 pafupi ndi chitseko komanso bedi la muyezo weniweni m'chipinda chilichonse chogona. Ojambula nawo azilemba manambala awiriwa m'munsi mwa chithunzi chilichonse, monga mmene sikelo imalembedwera pa pulani.

Aphunzitsi ndi ojambula za 3D,
Blantyre